Maphunziro a Baker pa Yunivesite ya Cornell: Mbiri ya Thumba Loitanira Akatswiri a Chemistry

Pakati pa mabungwe amene anakuza sayansi ya chemistry m'zaka za m'ma 1900, ndiye kuti sayansi yofufuza zimene zinthu zinapangidwa nazo ndi mmene zimasinthira zikasakanikirana, pali limodzi limene linalibe nyumba yakeyake, aphunzitsi olembedwa ntchito kapena ophunzira olembetsa mayina, komabe linabala mabuku amene maganizo ake amaphunzitsidwa lero ngakhale m'sukulu za sekondale za m'boma la Mwanza. Bungweli ndi maphunziro a George Fisher Baker a pa yunivesite ya Cornell, mu mzinda wa Ithaca ku America, amene anakhazikitsidwa ndi mphatso ya madola 250,000 mu 1925 ndipo anayamba kuchitika mu 1926. Cholinga chake chinali chakuti katswiri wodziwika wa ku yunivesite ina, kawirikawiri wa kutsidya la nyanja, aziitanidwa kudzakhala pa Cornell teremu yathunthu, aziphunzitsa zimene iye mwini akufufuza, ndipo pomaliza azisonkhanitsa zimene waphunzitsazo kukhala buku.

Ganizo loitana aphunzitsi alendo linali lakale pa sukuluyi. Cornell inakhazikitsidwa mu 1865 ndi Ezra Cornell pamodzi ndi Andrew Dickson White, ndipo inatsegula zitseko zake mu 1868 pa phiri loyang'ana nyanja ya Cayuga, makilomita oposa 300 kuchokera mu mzinda wa New York. White, amene anali mtsogoleri wake woyamba, anadziwa kuti akatswiri otchuka sangalole kusiya mizinda ikuluikulu kukakhazikika kumalo akutali chotero, choncho anakonza zoti ena a iwo azibwera kwa masabata owerengeka chabe n'kubwerera kwawo, ndipo mwa njira imeneyi ophunzira oyamba anamva anthu monga Louis Agassiz, katswiri wa za nyama ndi miyala wa ku Harvard. Aphunzitsi oterewa ankadziwika kuti ndi mapulofesa osakhala pasukulu, ndipo maphunziro a Baker anatsata mwambo womwewu.

Chimene chinabweretsa ndalama za Baker ku Ithaca chinali ngozi. Mu February 1916 moto unawononga Morse Hall, nyumba imene munali dipatimenti ya chemistry, ndipo mkulu wa dipatimentiyo, Louis Munroe Dennis, amene anaitsogolera kuyambira 1903 mpaka 1932, anakhala zaka zingapo akuphunzitsa m'mabwinja okonzedwa mwachangu uku akujambula mapulani a labotale yatsopano. Mu 1919 munthu wina amene sanafune kutchulidwa dzina anapereka madola 1,500,000 omangira nyumbayo, ndipo pamene ankaika mwala wa maziko mu 1921 zinadziwika kuti anali George Fisher Baker, mmodzi wa oyambitsa First National Bank ya ku New York mu 1863, amene anadzakhala mtsogoleri wake kwa zaka zambiri. Baker sanali wasayansi ndipo ankadziwika ndi kusakonda kulankhula pagulu, koma paukalamba wake anapereka chuma chochuluka ku sukulu, kuphatikizapo madola 5,000,000 ku sukulu ya zamalonda ya Harvard mu 1924. Labotale ya Baker inatsegulidwa mu 1923. Mphatso yachiwiri, ya mu 1925, inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi yoyambayo, koma ndi imene inachititsa kuti dzina la Baker lilembedwe pa masamba oyamba a mabuku ofunika kwambiri a chemistry.

Mphatsoyi inali ya mtundu umene mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America amaudziwa bwino, wa thumba losatha. M'thumba lotere mpamba woperekedwawo sugwiritsidwa ntchito ayi, koma umaikidwa m'masheya kapena m'ngongole zobweretsa chiwongoladzanja, ndipo phindu lokha la chaka ndi chaka ndi limene limalipira ntchito imene woperekayo anatchula, monga momwe mlimi wa manachesi amathyolera zipatso nyengo iliyonse mtengo n'kuusiya uli chiimire. Ngati mpamba wa madola 250,000 ubweretsa phindu la 5 pa 100 iliyonse, ndiye kuti pachaka pamapezeka madola 12,500, ndalama imene m'zaka za m'ma 1920 inkaposa kutali malipiro a pulofesa wamba wa ku America. Maphunziro oyendetsedwa ndi matumba otere analipo kale. Ku London, bungwe la Royal Society linali ndi phunziro la pachaka lochokera pa mapaundi 100 amene Henry Baker, munthu wina wosiyana ndi wa ku New York uja, anasiya pomwalira m'zaka za m'ma 1770, ndipo m'phunziro limeneli ndi mmene Humphry Davy analengezera mu 1807 kuti wapatula potaziyamu ndi sodiyamu. Ku Yale nako maphunziro a Silliman anali ataitana kale J. J. Thomson, Ernest Rutherford ndi Walther Nernst.

Chimene chinasiyanitsa dongosolo la ku Cornell chinali kutalika kwa nthawi ndi udindo wolemba. Mlendo sankabwera kudzalankhula madzulo amodzi n'kuomberedwa m'manja. Ankapatsidwa chipinda chogwiriramo ntchito m'labotale, ankayamba ndi phunziro lapoyera limene aliyense wa pasukulupo ankatha kulimva, kenaka ankaphunzitsa kawiri pa sabata kwa miyezi ingapo pamaso pa ophunzira a madigiri apamwamba ndi aphunzitsi awo, amene anali ndi mpata womufunsa tsiku lotsatira pa chilichonse chimene sichinamveke. Munthu amene amalankhula ola limodzi angathe kubisa malo ofooka a ganizo lake, koma amene ayenera kufotokoza ganizo lomwelo kuyambira pamaziko mpaka padenga, sabata ndi sabata, kwa anthu amene sanaleredwe m'labotale yake, amakakamizika kuona pamene maganizo ake sakulumikizana. Mabuku amene anatuluka m'maphunzirowa, oyambirira osindikizidwa ndi kampani ya McGraw-Hill ndipo otsatira ndi Cornell University Press, anali zipatso za kukakamizidwa kumeneku, ndipo apa ndi pamene pagona phindu lenileni la bungweli, kuposa ulemu wa mayina amene anaitanidwa.

Mlendo woyamba, mu 1926, anali Ernst Cohen wa ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, wodziwika ndi kafukufuku wa mmene chitsulo cha tini chimasinthira maonekedwe n'kufumbutuka ngati ufa kukazizira kwambiri. Kusankhidwa kwake kunali ndi tanthauzo loposa sayansi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mabungwe a sayansi a mayiko opambana anatsekera kunja asayansi a ku Germany, ngakhale kuti Germany ndi imene inkatsogola pa chemistry ndipo aphunzitsi ambiri a ku America anaphunzira kumeneko. Cohen anali mmodzi wa amene analimbikira kuti mpatukowu uthe, anasonkhanitsa akatswiri a mbali zonse ziwiri ku Utrecht mu 1922, ndipo pa nthawi imene ankapita ku Ithaca anali mtsogoleri wa bungwe la akatswiri a chemistry la dziko lonse la IUPAC. Pambuyo pake Dennis anaitana alendo angapo ochokera ku mayunivesite a ku Germany, monga Fritz Paneth, Paul Walden, Kasimir Fajans, George de Hevesy ndi Alfred Stock, pamodzi ndi Angerezi monga A. V. Hill, wofufuza za kagwiridwe ntchito ka minofu, ndi G. P. Thomson. Munthu wowerenga mndandandawu lero sangalephere kumva chisoni, pakuti patangopita zaka zochepa Paneth, Hevesy ndi Fajans anachoka ku Germany chifukwa cha ulamuliro wa Hitler, ndipo Cohen, amene anagwira ntchito yoyanjanitsa asayansi a ku Germany ndi anzawo, anaphedwa ku Auschwitz mu 1944 chifukwa anali Myuda.

Buku la Hevesy, Chemical Analysis by X-rays and Its Applications, limene linatuluka mu 1932, likukhudza Mwanza mwachindunji kuposa mmene ambiri angaganizire. Hevesy ndi Dirk Coster anatulukira chitsulo cha hafnium mu 1923 ku Copenhagen poyeza miyala ya zircon ndi cheza cha ekisireyi, ndipo mfundo yake ndi yakuti mtundu uliwonse wa atomu, kanthu kochepetsetsa kamene kamasunga khalidwe la chinthu, ukaombedwa ndi cheza champhamvu umatulutsa cheza chakechake chimene chimauzindikiritsa. Njira imeneyi ndi imene ili m'makina amene ofufuza migodi amayezera miyala masiku ano, ndipo ku Thambani m'boma la Mwanza, kumene kampani ya Mkango Resources inatenga chilolezo chofufuza uranium, niobium ndi tantalum, funso lakuti m'mwala muli chiyani ndipo n'chochuluka bwanji ndi funso lomwe Hevesy ankaphunzitsa kuyankha. Buku la W. L. Bragg, Atomic Structure of Minerals, la mu 1937, lochokera m'maphunziro ake a mu 1934, linafotokoza mbali inayo, ya mmene maatomu amasanjikirana mkati mwa miyalayo.

Otto Hahn wa ku Berlin anafika ku Ithaca kumayambiriro a 1933, masabata amene Hitler ankalimbitsa ulamuliro wake ku Berlin, ndipo pamene ankabwerera kwawo pakati pa chakacho anapeza lamulo la mu April litachotsa Ayuda pa ntchito za boma ndi Fritz Haber, katswiri mnzake wa chemistry, atatula pansi udindo wake. Maphunziro ake anasindikizidwa mu 1936 m'buku la Applied Radiochemistry, lofotokoza mmene munthu angapatulire ndi kuzindikira zinthu zotulutsa cheza zimene zili zochepa kwambiri mwakuti sizingaoneke ndi maso kapena kuyezedwa pa sikelo. Luso limeneli ndi limene linathandiza Hahn ndi Fritz Strassmann kuzindikira mu December 1938 kuti atomu ya uranium yagawika, zimene Lise Meitner, wasayansi mnzake wa Hahn amene anali atathawira ku Sweden, anazitanthauzira pamodzi ndi Otto Frisch. Ku California wophunzira wina wachinyamata, Glenn Seaborg, anawerenga bukulo mobwerezabwereza, ndipo iye mwini anadzavomereza kuti linamutsogolera pa ntchito imene inafika pa kutulukira plutonium mu 1941. Motero buku lolembedwa ndi mlendo wa ku Germany pa ndalama za mwini banki wa ku New York linathandiza nawo kupanga bomba limene linagwetsedwa pa Nagasaki, chinthu chimene Baker, amene anamwalira mu 1931, kapena Dennis sakanachilota.

Palibe mlendo amene anagwiritsa ntchito mwayiwu kuposa Linus Pauling wa ku California Institute of Technology, amene anafika chakumapeto kwa 1937 ali ndi zaka 36. Funso limene ankalimbana nalo linali lakuti n'chiyani chimagwirizanitsa maatomu kuti apange molekyu, gulu la maatomu olumikizana monga awiri a haidrojeni ndi imodzi ya okosijeni amene amapanga madzi. Gilbert N. Lewis anali atanena mu 1916 kuti maatomu awiri amalumikizana pogawana maelekitironi awiri, tinthu ta mphamvu ya magetsi timene timazungulira phata la atomu, ndipo mu 1927 Walter Heitler ndi Fritz London anasonyeza ndi masamu atsopano a fizikisi chifukwa chake kugawanako kumagwira. Koma masamuwo anali ovuta mwakuti akatswiri ambiri a chemistry sankawatsata. Pauling, m'nkhani zisanu ndi ziwiri zimene anasindikiza pakati pa 1931 ndi 1933, anawasandutsa malamulo amene munthu wogwira ntchito ndi mabotolo ndi sikelo angagwiritse ntchito: anafotokoza chifukwa chake atomu ya kaboni imagwira maatomu anayi motalikirana mofanana, anapereka manambala osonyeza mphamvu imene atomu ya mtundu uliwonse imakokera maelekitironi kwa iyo, ndipo anaphunzitsa kuti molekyu ina, monga ya benzene, singajambulidwe ndi chithunzi chimodzi chifukwa khalidwe lake lili pakati pa zithunzi ziwiri kapena zingapo.

Zonsezi zinali zomwazikana m'magazini a akatswiri, ndipo miyezi ya ku Ithaca, kutali ndi ntchito ya utsogoleri wa dipatimenti imene anali atangopatsidwa kumene kwawo, ndi imene inamupatsa mpata wozilumikiza. Buku la The Nature of the Chemical Bond linatuluka mu 1939, loperekedwa kwa Lewis, linakonzedwanso mu 1940 ndi mu 1960, ndipo linasintha kaphunzitsidwe ka chemistry kuchoka pa kuloweza mayina ndi mitundu ya zinthu kupita pa kumvetsa kuti khalidwe la chinthu limachokera pa kaimidwe ka maatomu ake. James Watson ndi Francis Crick analidalira pamene ankafunafuna kaumbidwe ka DNA, kamene anakalengeza mu 1953. Ku Soviet Union msonkhano wa mu 1951 ku Moscow unakana chiphunzitso chake cha zithunzi zingapo chija ponena kuti chikutsutsana ndi nzeru za chipani, pa nthawi yomwe boma la America nalo linkamukayikira Pauling chifukwa chotsutsa zida za nyukiliya. Analandira mphoto ya Nobel ya chemistry mu 1954 ndi ya mtendere ya 1962. Wophunzira wa Fomu 3 wa ku Kunenekude kapena ku Mwanza boma amene amajambula madontho ndi timitanda posonyeza kusiyana kwa mchere wa m'ndiwo ndi madzi akuyenda m'njira imene Lewis anailambula ndipo Pauling anaikuza. Pali mbali ina imene imasonyeza mmene maulendo otere amaberekerana: Nevil Sidgwick wa ku Oxford, amene anali mlendo wa Baker mu 1931, anadziwana ndi Pauling pa ulendo wake wa ku America, nafalitsa maganizo ake ku Britain, ndipo pamene Pauling anali pulofesa mlendo ku Oxford mu 1948 ndi pamene anapeza mmene unyolo wa puloteni umapotokera.

Ulendo wa Peter Debye unali wa mtundu wina. Debye, nzika ya Netherlands amene analandira mphoto ya Nobel mu 1936, ankatsogolera sukulu ya kafukufuku wa fizikisi ya Kaiser Wilhelm ku Berlin, ndipo nkhondo itayamba mu 1939 asilikali anatenga sukuluyo kuti ifufuze za uranium, iye nauzidwa kuti akhale nzika ya Germany kapena achokepo. Kuitanidwa kwa ku Cornell kunamupatsa khomo lotulukira, ndipo anachoka mu January 1940, anakhala mkulu wa dipatimenti ya chemistry chaka chomwecho, n'kukhazikika ku Ithaca mpaka imfa yake mu 1966. Mbiri yake si yoyera paliponse, ndipo mbiri ya bungweli siyenera kubisa zimenezo. Mu 2006 kunabuka mkangano pa kalata imene anasaina mu December 1938, monga mtsogoleri wa bungwe la akatswiri a fizikisi a ku Germany, yopempha mamembala achiyuda kuti achoke. Yunivesite ya Utrecht inachotsa dzina lake pa sukulu yake ina n'kudzalibwezera mu 2008 pambuyo pa kafukufuku, pamene dipatimenti ya ku Cornell, itafufuza payokha, inasunga dzinalo, poona kuti Debye yemweyo anathandiza Meitner kuthawa mu 1938.

Debye ndi amene anaitana Paul Flory mu 1948, ndipo kusankha kumeneku kunafuna kulimba mtima chifukwa Flory sanali pulofesa koma wofufuza wa pa kampani ya matayala ya Goodyear, amene anayamba ntchito ku DuPont pansi pa Wallace Carothers, wotulukira nayiloni. Flory ankafufuza mapolima, mamolekyu aatali kwambiri opangidwa ndi tizigawo tofanana zikwizikwi tolumikizana, amene ndiwo thupi la labala, pulasitiki, ulusi wa thonje ndi sitalichi ya m'chimanga. Malinga ndi umboni wake womwe, ndi pa nthawi ya maphunziro a Baker pamene anaona njira yowerengera kukula kwa molekyu yotere ikakhala m'madzi osungunulira, poganizira mfundo yosavuta koma yovutitsa masamu yakuti zigawo ziwiri za molekyuyo sizingakhale pamalo amodzi nthawi imodzi. Apa zikuoneka poyera kuti maphunzirowa sankangofalitsa zodziwika kale, koma ankabala zatsopano mwa wophunzitsayo. Flory anapatsidwa upulofesa pa Cornell chaka chomwecho, buku lake la Principles of Polymer Chemistry linatuluka mu 1953, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1974. Mkangano wa majumbo opyapyala ku Malawi, amene boma linaletsa mu 2015 ngati ali ochepera ma micron 60 ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, ndi mkangano wa mapolima, pakuti chimene chimachititsa jumbo kukhala yolimba ndi yotsika mtengo ndi chomwecho chimene chimailetsa kuola m'munda kapena m'mimba mwa mbuzi.

Chaka chomwecho cha 1953 kunatuluka Structure and Mechanism in Organic Chemistry, buku la Christopher Ingold wa ku University College London, lochokera m'maphunziro a 1950 mpaka 1951, limene linasanja m'magulu njira zimene mamolekyu a kaboni amasinthira ndipo mayina amene iye ndi Edward Hughes anapereka akugwirabe ntchito m'mayunivesite onse. Ingold sanalandire mphoto ya Nobel, umboni wakuti kufunika kwa maphunzirowa sikuyenera kuyezedwa ndi chiwerengero cha mphoto zokha. Otsatira anali ambiri: R. P. Bell ndi The Proton in Chemistry mu 1959, Gerhard Herzberg amene buku lake linatuluka mu 1971, chaka chimene analandira mphoto ya Nobel, ndi Herbert C. Brown ndi Boranes in Organic Chemistry mu 1972.

Dongosololi linali ndi malire ake. M'zaka makumi oyambirira oitanidwa onse anali amuna a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mafunso amene ankakambidwa anali a malabotale a mayiko amenewo. Komanso zinthu zimene zinapangitsa kuti liyende bwino zinasintha. Mlendo wa mu 1930 ankaoloka nyanja pa sitima kwa sabata yathunthu, choncho kukhala miyezi inayi kunali koyenera, pamene katswiri wa m'nyengo ya ndege, woyang'anira ofufuza makumi angapo ndi wofunafuna ndalama za kafukufuku chaka ndi chaka, savomera msanga kusiya labotale yake teremu yonse, ndipo ulemu wake umayezedwa ndi nkhani zazifupi za m'magazini osati mabuku. Jean-Marie Lehn wa ku Strasbourg anaphunzitsa ku Ithaca mu 1978, koma buku lake la Supramolecular Chemistry linatuluka mu 1995. Maphunziro ambiri otchedwa ndi mayina a opereka ndalama m'mayunivesite a lero amatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ngakhale amasangalatsa omvera, n'zovuta kuti abale buku longa la Pauling kapena ganizo longa la Flory.

Ku Malawi akatswiri alendo anafika mwa njira ina. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, ndipo Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, aphunzitsi ambiri a sayansi anali ochokera kunja olembedwa pa makontilakiti, amene ntchito yawo inali kudzaza mipata m'makalasi. Ubale wobala kafukufuku unadza pambuyo pake, pamene akatswiri a dziko lino anali atakhazikika. Jerome Msonthi anagwira ntchito kwa zaka zambiri ndi Kurt Hostettmann wa ku Lausanne pofufuza mankhwala a m'zomera za ku Malawi, kuphatikizapo zimene zimapha nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mu 1994 John Saka ndi Msonthi anasindikiza zotsatira za kuyeza chakudya chimene chili m'zipatso zakutchire monga masuku ndi malambe. Bungwe la International Science Programme la pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden, limene linayamba ndi fizikisi mu 1961 n'kuwonjezera chemistry mu 1970, linathandiza kafukufuku wa ubwino wa madzi ku Zomba, momwe Samson Sajidu, amene anadzakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi, anafufuza mmene njere za cham'mwamba zingachotsere zitsulo zoopsa m'madzi. Chofanana ndi dongosolo la Baker pa maubale amenewa ndi kutalika kwa nthawi, pakuti zimene zinabala zipatso ndi zimene zinatenga zaka. Chosiyana n'chakuti ndalama zake zinali za opereka thandizo akunja, zoperekedwa pa nyengo yoikika, kotero mphamvu yosankha woitanidwa ndi nkhani yofufuzidwa sinali yonse m'manja mwa dipatimenti yolandira alendoyo, monga inalili m'manja mwa Dennis ndi Debye.

Kusiyana kumeneku n'kofunika ku boma ngati Mwanza, limene mafunso ake a chemistry ndi oonekeratu koma sali patsogolo pa malabotale a kunja. Manachesi amene amaunjikidwa m'mbali mwa msewu wa M6 nyengo yake ikafika amaonongeka msanga, ndipo kudziwa mmene madzi ake angasungidwire osataya vitamini C, kapena mmene mafuta onunkhira a m'makoko ake angatengedwere n'kugulitsidwa, ndi ntchito ya katswiri wa chemistry ya zakudya. Madzi a m'mijigo ya madera amene pansi pake pali miyala ya uranium amafunika kuyezedwa ndi anthu amene adzakhalepobe ofufuza migodi atachoka. Dipatimenti yokhala ndi thumba lakelake ingathe kuitana katswiri wa ku Maputo, Gaborone kapena São Paulo, kumene malalanje ndi malonda aakulu, kuti akhale teremu yonse ndi kusiya buku lolembera ophunzira a kuno.

Ganizo la thumba losatha silachilendonso m'dziko muno, pakuti Malawi University of Science and Technology ya ku Thyolo, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014, inakhazikitsa thumba lotere. Vuto lalikulu ndi kusunga mphamvu ya mpamba. Matumba ambiri a maphunziro ku Germany anasanduka mapepala opanda ntchito pa kukwera mitengo kwa mu 1923, ndipo ichi n'chimodzi cha zifukwa zimene mapulofesa a kumeneko ankalandirira mokondwa kuitanidwa kolipidwa ndi madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, ndipo mu November 2023 mtengo wa dola imodzi unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Thumba la K118 miliyoni, limene dzulo lake linali lofanana ndi madola 100,000, linadzuka lili lofanana ndi madola pafupifupi 69,000, pamene tikiti ya ndege ya mlendo, mankhwala a m'labotale ndi zipangizo zoyezera zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Oyang'anira thumba loitanira akatswiri ku Zomba, ku Thyolo kapena ku Mzuzu angafunike kugwirizana, asanatumize kalata kwa mlendo woyamba, kuti ndi gawo lotani la mpamba lidzasungidwe m'masheya a pa msika wa ku Blantyre, m'nyumba zobwereketsa kapena m'ndalama zakunja ngati malamulo alola, ndiponso kuti ndi phindu lochuluka bwanji liyenera kubwezeredwa ku mpamba chaka chilichonse lisanagwiritsidwe ntchito.